DZINA LA LIVINGSTONE NDI CIYAMBI CACE

Mau amene ananenedwa pa msonkhano wa aphunzitsi ku Rufunsa

Palibe mwana m'sukulu zathu wosamva za David Livingstone. Timawaphunzitsa kuti anabadwira ku Blantyre wa ku Scotland mu 1813, kuti mu 1856 anafika ku Zumbo, kumene Luangwa wathuyu athira mu Zambezi, ndi kuti anamwalira kwa Chitambo mu 1873. Cimene sitiwauza ndico kuti makolo ace akale sanali kudziwika ndi dzina limeneli ai.

Makolowo anali anthu a ku zisumbu za kumadzulo kwa Scotland, olankhula Cigaelic, cinenero cosiyana kutali ndi Cingerezi. Kumeneko liu lakuti Mac litanthauza "mwana wa uje", ndipo pfuko lao linali la MacLea. Ena amasulira dzinali kuti Mac an Lèigh, ndiko kuti mwana wa sing'anga. Ena ati licokera kwa kholo lina dzina lace Donn Slèibhe. Ine mtima wanga ukonda kumasulira koyambako, pakuti mdzukulu wao anadzakhaladi sing'anga. Koma ofufuza ambiri atsamira ku kwaciwiriko.

Pfukoli linali ndi ulemu wace. Pa cisumbu ca Lismore akulu ao ndiwo anali osunga ndodo ya Moluag Woyera, mlaliki amene anamwalira mu 592, monga kuno mbumba ina isungira zinthu za ufumu. Ndipo ndodoyo ili m'manja mwao kufikira lero. Koma Cingerezi citakula mphamvu, a MacLea anabwereka dzina la Livingstone kwa banja lina lomveka la ku zigwa za kumwera. Agogo a David, a Neil, anasamuka ku cisumbu ca Ulva mu 1792 kukafuna nchito ku makina opota thonje ku Blantyre. Mdzukuluyo anakula akumva nthano za agogo ace aamuna ndi nyimbo za Cigaelic za agogo ace aakazi, koma dzina lakale linali litakwiririka kale.

Nanga ife, amene tisunga buku la maina? Mwana afika ndi amalume ace, ife nkumfunsa, "Atate ako ndani?" Iye ati, "Jemusi," dzina limene atatewo analitola ku nchito ku Kabwe, ndipo ife tilemba msanga cifukwa mzere watalika. Jemusiyo adzapita pa setifiketi, pa citupa, kufikira kwa ana a mwanayo. Ciwongo ca Tembo kapena Phiri sitinacifunse. Kwa abale athu Asoli nkhani ikula koposa, pakuti mukowa wao utsata mai, ndipo m'bukumo mulibe malo ace konse.

Cifukwa cace ndipempha msonkhano uno kuti polemba ana atsopano mu January tijambule mzere wina m'buku wa ciwongo kapena mukowa, ndi kuti tifunse wamkulu wobwera ndi mwanayo, osati mwana yekha.