Chakudya cha Mafumu a ku England Masiku Akale

Lero tisiye pang'ono minda yathu, tiwoloke nyanja, tikaone zimene mafumu a ku England ndi nduna zawo anali kudya ndi kumwa zaka mazana angapo zapitazo. Koma popeza ine ndine munthu wa zaulimi, sitidzakhalitsa m'chipinda chodyera iai. Pa mbale iliyonse imene tiione, ndifuna kuti tizifunsa kuti: kodi chakudya chimenechi chinachokera m'munda mwa yani, nanga mwini mundayo analandira chiyani?

Tiyambe ndi phwando limodzi lotchuka. M'chaka cha 1465 George Neville, mng'ono wake wa nduna yamphamvu ija Earl wa ku Warwick, analongedwa kukhala Bishopu Wamkulu wa ku York. Alembi anasunga mndandanda wa zimene zinaphikidwa, ndipo tamverani zina mwa izo: ng'ombe 104, nkhosa 1,000, mathole 304, nkhunda 4,000, akalulu 4,000, mapikoko 104, ndi mbalame zazikulu zoyera za m'madzi, zonga atsekwe, zimene Angelezi amati swan, 400. Mowa unali migolo ikuluikulu 300, vinyo migolo 100. Inu amene muli ndi khola muwerengere nokha kuti nkhosa 1,000 ndi makola angati.

Mwina munena kuti limenelo linali phwando la kamodzi. Chabwino, tiyeni ku Hampton Court, nyumba yachifumu imene ili m'mbali mwa mtsinje wa Thames. M'masiku a Mfumu Henry VIII, amene analamulira kuyambira 1509 kufikira 1547, makhitchini a nyumba imeneyi anali kudyetsa anthu ngati 600 kawiri pa tsiku, m'mawa cha m'ma 10 koloko ndi madzulo cha m'ma 4 koloko. Pa chaka chimodzi cha ufumu wa mwana wake, Mfumukazi Elizabeth I, anthu a kunyumba yachifumu anadya nkhosa 8,200, nswala 2,330, nkhumba 1,870, ng'ombe 1,240, mathole 760 ndi nguluwe 53.

Tsono funso lathu lija. Palibe dera limodzi limene likanatha kudyetsa khamu lotere chaka chathunthu, ndipo ichi ndi chimodzi cha zifukwa zimene mfumu sinali kukhala pamalo amodzi. Inali kusuntha ndi anthu ake onse, lero nyumba iyi, mwezi wamawa inayo, nthawi zina nkukagwera nduna yake. Mu 1575 Elizabeth anakhala masiku 19 kwa Robert Dudley ku Kenilworth, ndipo ngakhale unali ulemu waukulu, chuma chimene Dudley anataya pamenepo sichinali chamasewera.

Koma nduna inali ndi pogwira. Wolira weniweni anali mlimi. Panali mwambo wakuti mfumu ili ndi mphamvu yogula chakudya patsogolo pa munthu wina aliyense, pa mtengo umene anthu ake atchula, mwini katundu afune asafune. Amithenga ogula chakudya anali kutsogola ulendo wa mfumu, nalowa m'midzi, natenga tirigu, ng'ombe, nkhuku, udzu wouma, ngakhale ngolo ndi akavalo zonyamulira katunduyo. Kawirikawiri sanali kulipira ndalama pompo. Anali kupereka kamtengo kosemedwa mizere yosonyeza ngongole, kuti mlimi adzakatenge ndalama zake tsiku lina, ndipo ambiri anafa asanazione. Mlembi wina dzina lake Eadmer anasimba kuti m'masiku a Mfumu William II, amene anafa mu 1100, anthu akamva kuti mfumu ikubwera anali kusiya nyumba zawo nkuthawira kuthengo. Taganizani, mfumu yako yomwe!

Dandaulo limeneli linatenga zaka mazana. Pangano lalikulu la Magna Carta la mu 1215 linaletsa akapitao a mfumu kutenga dzinthu za munthu popanda kulipira nthawi yomweyo, pokhapokha mwini wake atalola kudikira. Mu 1362 Nyumba ya Malamulo inaona kuti dzina lomwe la amithengawo lanyansa anthu, ndipo inalamula kuti azitchedwa chabe ogula. Dzina linasintha, khalidwe silinasinthe kwenikweni. Mwambowo unathetsedwa ndi lamulo mu 1660.

Nyama ya nswala inali ndi nkhani yakeyake. Imeneyi sinali nyama ya pamsika. Inali yosaka mfumu ndi nduna, ndi yopatsana ngati mphatso yaulemu. William I, amene anagonjetsa England mu 1066, anapatula nkhalango zazikulu monga New Forest kuti zikhale zake zosakamo, ndipo wopha nswala ya mfumu anali kukolowoledwa maso. Mlimi wa m'mphepete mwa nkhalango anali kungoyang'ana nswala zikudya mmera wake. Chilango choopsachi chinachotsedwa mu 1217, koma kulipitsa ndi ndende zinatsala. Chimodzimodzi nkhunda. Kwa nthawi yaitali khola la nkhunda linali lololedwa kwa mwini dziko yekha, ndipo ena anamanga makola amiyala okhala ndi zisa mazanamazana. Bwana anali kudya maunda onona, pamene nkhundazo zinali kukhuta m'minda ya tirigu ya anthu ake.

Chifukwa ninji olemera analimbikira chotere kusunga nswala m'mipanda, akalulu m'mauna otetezedwa, ndi nsomba m'maiwe okumba? Yankho lake lili pa nyengo. Ku England kuyambira Novembala kufikira Malichi kumazizira kwambiri, ndipo msipu suphuka. Udzu wouma umene mlimi anatema m'miyezi yotentha sunali kukwanira ziweto zonse. Chotero pofika tsiku la Martin Woyera, pa 11 Novembala, anali kusankha zosunga, zotsalazo nkupha, nyama yake nkuithira mchere m'migolo kapena kuifutsa pa utsi. Angelezi akalekale anali kuutcha mwezi umenewu mwezi wa mwazi. Munthu wamba, ngati anali ndi nyama nkomwe, inali yamchere imeneyi. Koma bwana wa mpanda wa nswala ndi dziwe la nsomba anali kudya zaziwisi chaka chonse, ndipo kusiyana kwa wolemera ndi wosauka kunali kuonekera pamenepo.

Nsomba zinali zofunika pa chifukwa chinanso. Mpingo unaletsa kudya nyama Lachisanu ndi masiku 40 a Lenti, ndipo kwa nthawi yaitali Lachitatu ndi Loweruka lomwe. Osauka anali kudya nsomba zouma ndi zamchere, zolimba zofuna kuyamba zapunthidwa. Mafumu anali ndi zawo zapamwamba. Akuti Henry I anafa mu 1135 atadya mopitirira nsomba yonga mkunga yotchedwa lamprey, sing'anga wake atamuletsa. Ngakhale England atapatukana ndi Roma, masiku a nsomba sanathe. Mu 1563 boma la Elizabeth linalamula kuti Lachitatu likhale la nsomba, osati chifukwa cha chipembedzo, koma kuti asodzi achuluke, pakuti asodzi ndiwo anali amalinyero a zombo za nkhondo.

Buledi nayenso anali kunena udindo wa munthu. Woyera, wa ufa wa tirigu wosefedwa bwino, anali wa bwana. Antchito ndi alimi anali kudya wakuda, wa ufa wosakaniza, ndipo chaka cha njala anali kuthiramo ufa wa nyemba. M'zaka za m'ma 1300 ndi 1400 buledi wogonera wodulidwa mwaphanthiphanthi ndiye anali mbale: nyama inali kuikidwa pamenepo, ndipo atatha kudya, buledi wonyowa msuziyo anali kupita naye kuchipata kwa amphawi. Anali kudya ndi mpeni, supuni ndi zala, atasamba m'manja m'beseni limene mnyamata anali kubweretsa. Foloko anaidziwa mochedwa. Thomas Coryat, amene anaiona ku Italy nalemba za iyo mu 1611, anzake anamseka.

Za zakumwa ndinene mwachidule. Mowa wa barele unali wa aliyense, mfumu ndi wantchito yemwe, m'mawa ndi madzulo. Vinyo anali wa akulu. Henry II atakwatira Eleanor wa ku Aquitaine mu 1152, minda ya mphesa ya ku Bordeaux inakhala m'manja mwa mafumu a ku England kwa zaka 300, kufikira 1453, ndipo zombo zinali kubwera ndi vinyo chaka ndi chaka. Tiyi ndi mlendo wa dzulodzulo: anayamba kutchuka kunyumba yachifumu Charles II atakwatira Catherine wa ku Braganza, mwana wa mfumu ya ku Portugal, mu 1662.

Mwina munamvapo kuti ophika akale anali kuthira zonunkhira zambiri kuti abise fungo la nyama yovunda. Zimenezo si zoona. Tsabola wakuda anali kuchokera ku India, sinamoni ku Ceylon, kudzera m'manja mwa amalonda ambiri kufikira ku Venice, ndipo mtengo wake unali woposa wa nyama. Munthu wotha kugula zotere sakanasowa nkhosa yopha lero. Zonunkhira zinali zoonetsera chuma. Buku la maphikidwe lotchedwa The Forme of Cury, limene ophika a Richard II analemba cha m'ma 1390, lili ndi maphikidwe pafupifupi 200, ndipo jinja, shuga ndi mpunga, zonse zochokera kunja, zimapezeka kawirikawiri.

Kodi kudya kotereku kunawapatsa moyo wabwino? Ine ndikayika. Madokotala a nthawiyo anali kuopa zipatso zaziwisi ndi masamba osaphika, ndipo pa tebulo la akulu nyama ndiyo inali mfumu. Zovala zachitsulo za Henry VIII zilipobe. Za unyamata wake m'chiuno ndi mainchi ngati 35. Za mu 1540 zapitirira mainchi 50. Anafa ali ndi zaka 55, akulephera kuyenda yekha. Mlendo wina wa ku Germany, Paul Hentzner, anaona Elizabeth mu 1598, nalemba kuti mano ake anali akuda, ndipo iye anati chifukwa chake ndi shuga.

Chimene chinathetsa vuto la nyengo yozizira chinachokera kumunda. Mu 1730 nduna ina, Charles Townshend, inasiya ntchito ya boma nkubwerera kwawo ku Raynham m'dera la Norfolk. Kumeneko inalimbikitsa kasinthasintha wa mbewu amene alimi a ku Flanders anali kumdziwa kale: chaka choyamba tirigu, chachiwiri turnip, chachitatu barele, chachinayi clover. Turnip ndi mbale wake wa mpiru, koma imabereka pansi chinthu chozungulira chimene ziweto zimadya msipu utatha. Clover ndi wa mtundu wa nyemba, ndipo amabwezera chonde m'nthaka. Motero munda sunafunikenso kugonekedwa chaka chathunthu, ziweto zinapeza chakudya m'miyezi yozizira, manyowa anachuluka, tirigu nayenso anachuluka. Anthu anamseka Townshend namutcha dzina la mbewu yakeyo, koma njirayo inafalikira, ndipo pang'onopang'ono nyama yaiwisi inayamba kupezeka pamsika ngakhale mu Januwale.

Mfumu George III, amene analowa ufumu mu 1760, anakonda zimenezi kotero kuti anthu anamutcha George Mlimi. Anali ndi minda yake ku Windsor, anaitanitsa nkhosa za ubweya wabwino za mtundu wa merino za ku Spain, ndipo analemba makalata m'magazini ya zaulimi podzitcha Ralph Robinson. Nduna zake zinali kudandaula kuti kunyumba yachifumu chakudya nchosakondweretsa, pakuti iye mwini anali kukhutira ndi nyama ya nkhosa ndi turnip, nkumwera madzi owiritsamo barele.