Abale a Nankafumbwe Okhala Pansi pa Khungwa

Munthu woyenda m'nkhalango ya Thambani, m'boma la Mwanza, akasenda khungwa la mtengo wouma amapeza timizere tokhotakhota, ngati kuti wina walembapo ndi singano. Timeneti ndi tinjira ta kachilombo kochepa, kamene kaŵirikaŵiri sikaposa njere ya mpunga.

Akatswiri amatcha gulu la tizilomboti Scolytinae, ndipo mitundu yake pa dziko lonse ilipo pafupifupi 6,000. Kale ankatiika m'banja lapadera, koma lero timaŵerengedwa m'banja la Curculionidae, limodzi ndi nankafumbwe woononga chimanga m'nkhokwe. Amene anagwira ntchito yaikulu yosanja mitundu ya mu Afrika ndi Karl Schedl wa ku Austria. Zolemba zake zinatuluka pakati pa 1959 ndi 1962 m'magazini ya za tizilombo ya ku Mozambique, dziko lochita malire ndi Mwanza.

Thupi lonse la kachilomboka ndi chida chobowolera. Kalibe mlomo wautali ngati wa nankafumbwe, chifukwa mlomo wotere ukanakatchinga m'una. Thupi ndi lobulungira ngati kachidutswa ka bango, mutu umabisala pansi pa chishango cholimba cha pamsana, ndipo zibwano ndi zakuthwa. Tinyanga take n'topindika ngati chigongono, tokhala ndi kachibonga kunsonga. Timeneti ndi timene kamanunkhizira mtengo wofooka. Miyendo ili ndi timano togwirira. Mapiko olimba amatsetsereka kumbuyo, ndipo pa mitundu yambiri malo otsetserekawo ndiwo fosholo yokankhira utuchi kunja.

Pa kadyedwe pali magulu aŵiri aakulu. Loyamba limadya mnofu wa pansi pa khungwa, momwe mumadutsa chakudya cha mtengo. Tinjira ta mphutsi zake tikazungulira thunthu, mtengo umafota. Lachiŵiri, monga mtundu wa Xyleborus, limaloŵa m'kati mwa thunthu litanyamula nkhungu m'timatumba ta m'thupi, n'kuidzala m'una kuti ikhale chakudya cha ana ake. Palinso tina toboola mbewu, monga Hypothenemus hampei, kochokera mu Afrika mommuno, kamene lero kamasautsa alimi a khofi m'maiko ambiri.

Mitundu yambiri siilimbana ndi mtengo wathanzi. Imafuna umene wapsa ndi moto, wavutika ndi chilala, kapena wasendedwa luzi. Choncho wotentha tchire ku Thambani ndiye amene amatiitanira. Mlimi wa manachesi kapena mango akaona timabowo ndi utuchi wosalala pa nthambi, adule nthambiyo n'kuitentha, ndipo afufuze chimene chafooketsa mtengowo. Wodula nsichi ndi mapaso azisende makungwa msanga, ziume bwino asanamangire nyumba. Nkhuni zaziŵisi zisaunjikidwe pafupi ndi munda wa zipatso, pakuti mmenemo ndimo tizilomboti timaswanirana.