Ana Athu ndi Chuthi ca Cirimwe mu London: Mau Onenedwa pa Msonkhano wa Pacaka

 Ine ndine kalaliki cabe, wozolowera mapepala a mu ofesi koposa kuima pamaso pa anthu. Cotero ngati lilime lipunthwa mundikhululukire. Nkhani yanga iri ya ana athu, ndi masabata 6 amene sukulu za muno zikhala zotseka, kuyambira kumapeto kwa July kufikira kuciyambi kwa September.

Ndiyambe ndi kuulula kulakwa kwanga. Caka cina, sukulu zitatsegulidwa, mwana wanga wacisamba anauzidwa ndi mphunzitsi kuti alembe zimene anacita pa chuthi. Analemba mizere iwiri yokha, kuti anaonera wailesi yakanema, ndi kuti anayang'ana pazenera. Ndinawerenga pepalalo ndi manyazi akulu. Amai ace anali pa nchito ya usiku yosamala okalamba, ine ndinali ku ofesi usana wonse, ndipo ndalama zotsala tinali kutumiza kumudzi. Pofuna kufafaniza manyaziwo, caka cotsatira ndinatenga ngongole, ndi kupita nao ana ku malo ena a masewera olipira. Tsiku limodzi linadya malipiro a masiku angapo, ndipo masiku ena onse a chuthi anakhalanso pazenera pomwepo. Pamenepo ndinayamba kufunsa anzanga a pa nchito, pokumbukira kuti safunsa anadya phula. Zimene ndinapeza ndizo ndifuna kukuuzani lero.

Coyamba ndico ulendo, pakuti ambiri a ife tiopa mtengo wa njira tisanaturuke ndi pakhomo pomwe. Mwana wosafika zaka 11 salipira pa basi, ndipo pa sitima ya pansi pa nthaka munthu wamkulu mmodzi wolipira akhoza kutenga ana otere 4 kwaulere. Wa zaka 11 kufikira 15 ayenda ulere pa basi ngati ali ndi khadi la Zip Oyster lokhala ndi cithunzi cace, limene liyenera kufunsiridwa chuthi cisanafike. Wamkulu akalipira basi imodzi akhoza kusintha mabasi ena mkati mwa ola limodzi osaonjeza kanthu. Mukumbukire kuti ciyambire 2014 mabasi a muno salandira ndalama za m'manja.

Caciwiri ndizo nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi za nzeru. Kuyambira pa 1 December 2001 nyumba zazikulu za Boma zotere zilowedwa popanda malipiro, kupatula zionetsero zapadera. British Museum, imene inatsegulidwa mu 1759, iri ndi mitembo youmikidwa ya ku Egypt, ndi zipinda za zinthu za ku Africa kwathu. Ku South Kensington kuli Natural History Museum, kumene mafupa a cinsomba cacikulu ca m'nyanja, cotalika mamita 25, anapacikidwa kudenga mu 2017. Mwana wanga wamng'ono anaima pansi pace kukamwa kuli yasa. Pamene tinafika pa mafupa a zirombo zakale zochedwa dinosaur, ndinamuuza kuti ku Karonga nako anafukula mafupa a cirombo cotere, ndipo dzina lace ndi Malawisaurus. Sanandikhulupirire kufikira tinaciona m'buku. Science Museum iri pafupi pomwepo. Koma popeza pa chuthi anthu acuruka, nkwabwino kutenga tikiti yaulere pa intaneti musananyamuke.

Mukafika pa Trafalgar Square, pamene pali National Gallery, nayonso yaulere, muwaonetse ana mwala woimikapo zifanizo umene uli pa ngodya ya kumpoto cakumadzulo. Kuyambira September 2022 kufikira 2024 pamwala pamenepo panaima cifanizo ca John Chilembwe atabvala cipewa, copangidwa ndi Samson Kambalu, mwana wa kwathu. Cifanizoco cinacotsedwa, koma mbiri yace ikhoza kunenedwabe pamalo pomwepo, ndipo palibe mphunzitsi wa muno amene adzaifotokoza bwino koposa inu.

Cacitatu ndiwo malo a panja. M'cirimwe ca muno dzuwa licedwa kulowa, kotero kuti mu July kumakhala koyera kufikira pafupi 9 koloko madzulo; ngakhale iye amene aweruka 5 koloko ali nayo nthawi. Mapaki 8 a Cifumu ali otsegukira munthu ali yense. Richmond Park, wa maekala 2,500, ali ndi nyama zonga agwape zoyenda momasuka, zimene tiyenera kuzionera patali. Ku Hyde Park kuli kasupe wokumbukira Diana, Princess of Wales, womangidwa mu 2004, kumene ana abviika mapazi ao. Ku Mudchute, pa Isle of Dogs, kuli munda wa ziweto wolowa ulere, wokhala ndi nkhosa, mbuzi, nkhumba ndi nkhuku. Musaseke, abale, alipo ana athu obadwira muno amene sanaonepo mbuzi yamoyo, pamene agogo ao ali ndi khola lodzaza. Ndipo amene afuna kukwera pamadzi apite ku Woolwich, kumene combo cioloka mtsinje wa Thames kwaulere ciyambire 1889. Kamba wa paulendo atuluke m'nyumba mwathu: mpunga, nkhuku yokazinga, mbatata, mandasi ndi madzi a m'botolo, cifukwa cakudya cogula kumeneko ndico cimatha ndalama. Koma kusonkha moto wootcha nyama nkoletsedwa m'mapaki a Cifumu.

Cacinai ndizo zimene ziri pafupi ndi makomo athu. Malaibulale a Khonsolo ali ndi mpikisano wa kuwerenga wochedwa Summer Reading Challenge, umene unayamba mu 1999. Mwana wa zaka 4 kufikira 11 akatsiriza mabuku ace, kawirikawiri 6, alandira mendulo ndi satifiketi. Ndiponso kuyambira 2021 Makhonsolo onse a ku England ayendetsa cithandizo cochedwa Holiday Activities and Food, copatsa masewera ndi cakudya kwaulere kwa ana amene alandira cakudya caulere ku sukulu cifukwa ca kucepa kwa mapezedwe a makolo ao. Malo amatha msanga, cotero funsani ku sukulu kapena ku Khonsolo mu June. Palibe manyazi pofunsa cinthu cimene msonkho wathu womwe unalipira kale.

Pali cenjezo limodzi. Pa 19 July 2022 kutentha kunapitirira madigiri 40 muno mu London, ndipo masiku otere anyamata amakopeka kukasamba mu Thames ndi m'maiwe. Madzi amenewo ali ozizira pansi ndi othamanga, osafanana ndi dooko la kumudzi limene analidziwa atate ao. Mwana asambire pokhapo pali mlonda wa osambira.

Tsopano ndifike pa mtima wa nkhani yanga. Mwaona kuti ndalama sindizo zisowa kwenikweni. Cimene cisowa ndiye munthu wamkulu wokhala ndi tsiku lopuma, woti agwire ana padzanja ndi kupita nao. Kwathu funso limeneli silinali kufunsidwa, pakuti kunali agogo, azakhali ndi amalume, ndipo mwana anali kudya pakhomo pali ponse. Muno Bungwe lino ndilo agogo ndi amalume amene tiri nao. Takhala okhulupirika posonkha ndalama zotumiza maliro kumudzi, ndipo nchito imeneyo njoyamikika. Koma kodi tidzakumana pa akufa pokha, ndi kuiwala amoyo amene akukula m'zipinda zathu?

Cifukwa cace ndipempha Komiti kuti iganizire zinthu zitatu. Mabanja okhala moyandikana agawidwe m'magulu a mabanja 5, ndipo banja liri lonse lipereke tsiku limodzi pa sabata lotenga ana a gulu lonse, monga ticita pa cipereganyu. Ana akacuruka, akulu akhale awiri. Mlembi alembe mndandanda wa masiku ndi malo June asanathe, kuti a nchito za usiku apemphe masiku ao opuma nthawi ikalipo, ndipo mwana ali yense anyamule m'thumba kapepala ka nambala ya lamya ya makolo ace. Potsiriza, pa maulendo amenewa cinenero cikhale cathu, kuti mwana akaona mbuzi aichule mbuzi.

Makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ine ndapempha kale ku ofesi Lacitatu liri lonse la mwezi wa August, ndipo dzina langa likhale loyamba pa mndandandawo.