Kodi Khalidwe la Munthu Lili M'magazi?



Mwandipempha kuti ndiyankhulepo za cloning, ndiko kupanga chamoyo chatsopano kuchokera ku selo imodzi ya chinzake, popanda chachimuna. Ine ndine wa m'boma, wozolowera mafayilo, choncho ndinena mwachidule.

Pa 5 July 1996, ku Roslin Institute pafupi ndi Edinburgh, kunabadwa nkhosa yotchedwa Dolly. Ian Wilmut ndi anzake anatenga selo ya m'bere la nkhosa ya zaka 6 ndi kuilumikiza ndi dzira limene analichotsa phata lake. Pa mazira 277, linabadwa ndi limodzi lokha. Nkhaniyi itamveka mu 1997, anthu anachita mantha kuti tsiku lina munthu wankhanza adzadzichulukitsa, nkhanza zake ndi zonse.

Koma tamvani za mphaka wotchedwa CC, amene anabadwa mwa njira yomweyi mu 2001 ku Texas A&M University. Anachokera ku selo ya mphaka wina, Rainbow. Ubweya wa Rainbow unali wa mawanga a mitundu itatu, pamene wa CC unali wamizeremizere. Rainbow anali wofatsa, CC wokonda kusewera. Majini anali amodzimodzi, koma amphakawo anali awiri.

Sindikunena kuti chibadwa chilibe mphamvu, ayi. Kuyambira mu 1979, Thomas Bouchard wa pa University of Minnesota anafufuza mapasa ofanana amene analeredwa m'mabanja osiyana, ndipo anapeza kuti pafupifupi theka la kusiyana kwa makhalidwe pakati pa anthu limayenderana ndi majini. Theka si laling'ono. Komatu theka linalo lilipobe.

Ife Amalawi takhala tikuchita cloning kuyambira kalekale, kungoti sitinkaitchula choncho. Mukadula phesi la chinangwa ndi kubzala zidutswa zake, mbewu zonsezo ndi chinangwa chimodzi chomwe chija. N'chimodzimodzi ndi mphukira za nthochi ndiponso kholowa wa mbatata. Koma chidutswa china chikagwera pa nthaka yabwino, china pouma, zokolola sizifanana. Ngakhale kuwawa kwa chinangwa kumawonjezeka chaka cha chilala. Agogo athu ankazidziwa izi asanamvepo za Scotland.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mawu amene ndimawamva ngakhale kwa anthu ophunzira: akuti mwana wa chidakwa sangapite patali, akuti banja lakuti mitu yawo ndi youma, zili m'magazi. Mawu otere ndi okoma kwa ife chifukwa amatimasula. Ngati zonse zinatha kale m'mimba, tiperekerenji ndalama? Ena mwa ife muno tinanenedwa zomwezo tili mu Fomu 1, ndipo tikuwadziwa aphunzitsi amene anakana kuzikhulupirira.

Pempho langa kwa komiti yoona za thumba lothandizira ana osowa ndi lakuti posankha ana olipiriridwa fizi, tiziona makope awo ndi kumva zonena aphunzitsi awo, osafunsa kuti bambo wake ndani.