Tsamba la Sukulu Lokwana pa Foni ndi pa Kompyuta

Lero moni wapadera upite kwa inu a ku Rufunsa, a m'dziko la a Mpanshya, la a Shikabeta ndi la a Bunda Bunda. Tengani pensulo ndi pepala, pakuti phunziro lathu lili ndi masamu pang'ono.

Tiyerekeze kuti sukulu yanu yalemba tsamba la pa intaneti lolengeza tsiku lotsegulira sukulu. Pa kompyuta ya aphunzitsi aakulu tsambalo likuoneka bwino ndithu. Koma kholo la kumudzi silidzaŵerenga pa kompyuta ai. Lidzaŵerenga pa foni yokwana m'dzanja, mwina litakwera pa culu kufunafuna netiweki. Tsamba likakula kuposa galasi la foniyo, tsiku lija lidzabisala kumbali, kholo silidzaliona, ndipo mwana adzafika anzake atayamba kale.

Vutoli linacokera kuti? Tsamba loyamba la mtundu uwu linaonekera kwa anthu onse mu 1991, nchito ya Tim Berners-Lee ku CERN, pafupi ndi Geneva. Cilankhulo cake, HTML, cinali congouza kompyuta kuti uwu ndi mutu, iyi ndi ndime. Ofuna kukongoletsa masamba anayamba kugwiritsa nchito thebulo, ndiko kunena mizere yopingasana yonga ya m'rejista, naika mutu m'kabokosi aka, cithunzi m'kabokosi ako. Thebulo lili ngati nyumba ya njerwa: zipinda zikamangidwa moyandikana, simungazisunthe kuti cina cikhale pansi pa cinzake. Ndiponso munthu wosaona, amene kompyuta imamŵerengera mokweza, amamva tizibokosi timeneti motsatizana, nthaŵi zina nkhani n'kusokonezeka.

Musandimve molakwa. Thebulo ndi labwino pa nchito yake, monga ndandanda ya maphunziro a sabata kapena mamalikisi a mayeso. Colakwika ndi kumangira nalo tsamba lonse.

Mu 1994 Håkon Wium Lie anapereka ganizo la cilankhulo cina, CSS, ndipo bungwe la W3C linacivomereza mu 1996. HTML inyamula mau, CSS inena za kaonekedwe kake. Mu 2010 Ethan Marcotte anafotokoza za tsamba losintha molingana ndi galasi, monga momwe citenje cimodzi cikwanira mai wonenepa ndi mtsikana woonda.

Tsono taganizani za mseu wa Great East umene udutsa kwanuko. Phula lili pakati, ndipo m'mbali monse muŵiri mwatsala malo. Nafenso tiika mau onse m'bokosi limodzi, n'kulipatsa malamulo atatu. Aphunzitsi, conde lembani pa bolodi, lililonse pa mzere wake.

width: 90%;
max-width: 800px;
margin: 0 auto;

Lamulo loyamba likuti bokosi litenge magawo 90 mwa 100 a galasi. Laciŵiri likuti lisapitirire timadontho 800, cifukwa mizere yaitali kwambiri itopetsa maso. Lacitatu likuti malo otsala agaŵidwe mofanana kumanzere ndi kumanja. Mau akuti auto ndiwo agwira nchito imeneyi.

Ana inu, ŵerengerani. Galasi la kompyuta lili ndi timadontho 1,200 m'mimba mwake. Magawo 90 mwa 100 ndi 1,080, koma lamulo laciŵiri likukana, motero bokosi liima pa 800. Kwatsala zingati? Inde, 400. Gaŵani paŵiri: 200 uku, 200 uko. Nanga foni ya timadontho 360? Bokosi litenga 324, kutsala 36, ndiko kuti 18 mbali iliyonse. Sitinasinthe lamulo ngakhale limodzi, koma tsamba lakwana ponse paŵiri, ndipo lili pakati.

Zinthu ziŵiri zimaiŵalika kaŵirikaŵiri. Cithunzi cipatseni lamulo lakuti max-width: 100%, apo ai cidzatulukira kunja kwa bokosi ngati mbuzi yothyola khola. Ndipo kumutu kwa HTML ikani mzere wa viewport wokhala ndi mau akuti width=device-width, cifukwa popanda mzerewu mafoni ambiri amadziyesa makompyuta, nacepetsa zilembo mpaka kufanana ndi nyerere. Za flexbox ndi grid, zimene ziika mabokosi moyandikana pa galasi lalikulu, tidzakamba tsiku lina.

Ndidziŵa kuti masukulu ena alibe kompyuta, ena alibe ngakhale magetsi. Phunziroli lisalekeke cifukwa ca zimenezo. Aphunzitsi, patsani ana mapepala aŵiri, lina la masentimita 20 m'mimba mwake, lina la masentimita 8. Lamulo likhale lakuti bokosi litenge magawo 90 mwa 100, koma lisapitirire masentimita 14. Ana apeze kukula kwa bokosi ndi kwa malo otsala m'mbali pa pepala lililonse, ajambule ndi rula, kenaka alembemo cilengezo cimodzimodzi ca tsiku lotsegulira sukulu. Amene ali ndi foni kunyumba apemphe makolo kuti atsegule tsamba lililonse, aigwire coimika, kenaka cogoneka, ndipo maŵa adzauze anzao m'kalasi ngati mau anakwana kapena anabisala.