NYAMAKAZI NDI AMAI APAKATI

Amai ndi abambo a ku Golomoti ndi midzi yozungulira, mverani za nthenda ina imene ambiri amanamizira mfiti. Ndiyo nyamakazi yotupitsa mfundo za zala, mikono ndi maondo, imene imagwira akazi kopambana amuna. Mai wodwala nthendayi amadzuka m'mawa zala zitauma, osatha kugwira munsi kapena mpini wa khasu kufikira dzuwa litakwera.

Gwero lace liri m'thupi momwemo. M'mwazi muli asilikari acilengedwe amene nchito yao ndi kupha tizirombo. Pa nthenda iyi asilikariwo amasokonezeka, nayamba kumenya mfundo za mwini thupi.

Tsono cozizwitsa ndi ici: mai wotere akaima, kawiri-kawiri ululu umacepa. Dotolo wa ku America, Philip Hench, analemba zimenezi m'caka ca 1938, ndipo kufufuza kwace kunathandiza kuti mankhwala a cortisone ayambe kuperekedwa kwa odwala nyamakazi mu 1948. Cifukwa cace ndi cakuti mwana wa m'mimba anatengera mbali ina kwa atate wace, ndipo thupi likadamuyesa mlendo ndi kumcotsa. Pofuna kumsunga, thupi limafatsitsa asilikari aja. Akatswiri opima mwazi apeza kuti pa nthawiyi malangizo ena acibadwa amene amalamulira asilikariwo amadzuka, ena amagona. Mfundo nazo zimapumulako.

Koma mai asadziyese wocira. Mwana akabadwa, pa miyezi yowerengeka nthenda imakonda kubweranso, nthawi yomwe khanda lifuna kusambitsidwa ndi matewera kucapidwa. Apa mwamuna ndi apongozi asamuyese waulesi, koma amtungire madzi ndi kumsinjira.

Pali nthenda inzace yochedwa lupus. Imeneyi pakati sipaiciritsa ai. Ikhoza kukula ndi kuononga impso, ndiponso kukweza kuthamanga kwa mwazi.

Cenjerani ndi mankhwala. Methotrexate amapundula mwana m'mimba, motero mai amene akumwa ameneyu aonane ndi dotolo asanaime. Hydroxychloroquine, mbale wace wa chloroquine, madotolo amalola kumwa ngakhale pa pakati. Ibuprofen wogula ku golosale asamwedwe m'miyezi yotsiriza.

Kumbukiraninso kuti kuno kucigwa udzudzu ngwambiri, ndipo malungo amabvuta kwambiri amai apakati. Gonani m'masikito. Yambani sikelo msanga ku cipatala ca Golomoti kapena ca Mua, mutatenga mankhwala onse amene mukumwa kuti anamwino akawaone.