Kachitsulo Kothirirapo Girisi pa Njinga ya Moto

Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Zaulimi wa m'boma la Mchinji.

 Lero sindikamba za mbeu kapena za feteleza, koma za njinga ya moto, pakuti masiku ano njingayi yasanduka ngolo ya anthu ambiri. Ndiyo imanyamula mtedza ndi soya kunka nazo ku Kamwendo, ku Mkanda ndi ku Kapiri. Ndiyo imathamangira ndi wodwala ku chipatala usiku, ndipo ena amafika nayo ku Mwami mpaka ku Chipata. Ife alangizi timayenderanso yomweyo pobwera m'midzi mwanu.

Gudumu la kumbuyo la njinga ya moto limagwiridwa ndi chitsulo chonga foloko, chimene chimakwera ndi kutsika pamene mukudutsa pa mabampu. Folokoyi inalumikizidwa ku thupi la njinga ndi bawuti imodzi yaitali, ndipo bawutiyo imadutsa m'mabushi. Pa njinga zambiri zoyenda m'misewu ya fumbi, pamalo amenewa pali kachitsulo kakang'ono kosaposa njere ya chimanga, kamene amakanika amakatcha nipo. Njinga zina za shoko imodzi zili ndi tina pa timikono ta pansi pa shokoyo. Ntchito yake ndi kulowetsa girisi m'mabushi. M'kati mwake muli kampira kachitsulo ndi kasipuling'i. Mukapopa, kampirako kamagonja ndipo girisi amalowa. Mukaleka, kamabwerera n'kutseka bowo kuti fumbi ndi madzi zisalowe. Amene anakonza kachipangizoka ndi Oscar Zerk, ndipo chinalembedwa m'dzina lake ku America m'chaka cha 1929.

Tsono kachitsuloka kamakhala pansi, pafupi ndi nthaka. Mwala kapena chitsa chikakagunda kamathyoka, ndipo kena kamamasuka n'kugwa chifukwa cha kunjenjemera kwa njinga. Pakatsala bowo, zoipa zonse zimalowera pomwepo. Kuno kwathu msewu wa phula wochokera ku Lilongwe ulipo, koma njira za m'midzi ndi za dothi. Kuyambira May mpaka October ndi fumbi, ndipo mvula ikayamba ndi matope ndi madzi a m'madambo a Bua ndi Rusa. Akulu anati walira mvula walira matope. Mchenga ukasakanikirana ndi girisi umapala bawuti ndi mabushi monga tupa apalira khasu, ndipo madzi amabweretsa dzimbiri.

Izi ndinaziona ndekha. Chaka chatha m'mwezi wa February ndinali kuchokera ku munda wachitsanzo, ndipo potsikira ku dambo njinga inayamba kugwedeza kumbuyo ngati ng'ombe yotsimphina. Mwadzidzidzi tcheni inagwa, gudumu linaima, ine n'kugwera m'matope. Makanika atamasula anandionetsa nipo yothyoka imene ndinaiona kale koma ndinaizengereza. Bawuti inali itadyeka, mabushi atatheratu. Njinga inakhala masabata awiri kudikira zitsulo, ndipo imeneyo inali nthawi imene ntchemberezandonda zinali m'chimanga. Midzi ina sindinafikeko, ndipo alimi anandidikira pachabe chifukwa cha kachitsulo kotsika mtengo kuposa lita imodzi ya petulo.

Chifukwa chake mverani bwino njira yake.

Choyamba, yesani njinga yanu. Iimikeni pa sitandi ya pakati kapena pa chipika kuti gudumu la kumbuyo lilendewere. Gwirani folokoyo kumapeto n'kuikankhira kumanzere ndi kumanja. Iyenera kukwera ndi kutsika kokha. Ikamasewera cham'mbali kapena kugogoda, mabushi atha, ndipo girisi sangabwezere chitsulo chimene chadyeka. Pamenepo gulani mabushi atsopano.

Chachiwiri, tsukani malowo ndi palafini ndi kansanza, kuti muone ngati nipo ilipo, yathyoka kapena yagwa. Dziwaninso kuti njinga zina anazipanga ndi mabushi a labala, ndipo zilibe nipo chiyambire. Pa zoterozo musaboole ndipo musathirepo girisi, pakuti girisi wamba amaononga labala.

Chachitatu, ngati nipo yathyoka ndipo chidutswa chatsalira m'bowo, donthezerani mafuta kapena palafini n'kudikira kanthawi. Chidutswacho chili ndi bowo kale pakati pake. Amakanika ali ndi kachitsulo ka mazinga a kumanzere kozulira mabawuti othyoka. Ngati kalibe, tengani msomali wolimba wa konkire, muunole kuti nsonga yake ikhale ya ngodya zinayi, muukhomere m'bowomo pang'onopang'ono, ndipo muzungulize cha kumanzere ndi pulayala. Chikakana, musaboole foloko ili pa njinga, chifukwa tizitsulo topalika tidzagwera m'mabushi. Pitani kwa makanika kuti ayambe wamasula folokoyo.

Chachinayi, pogula yatsopano tengani yakale kapena chidutswa chake. Pano ndi pamene ambiri amalakwa. Njinga zopangidwa ku Japan, ku India ndi ku China zili ndi mazinga a mamilimita, ndipo nipo yopezeka kwambiri ndi imene amati M6, ndiye kuti kunenepa kwake ndi mamilimita 6. Koma ilipo ina ya muyeso wa inchi, ya 1/4, imene imapezeka pa makina a ku America. Ziwirizi zimafanana pamaso. Ya inchiyo imalowa kamodzi kapena kawiri n'kuuma, ndipo mukaikakamiza ndi sipanala mwapha mazinga a foloko. Onaninso mutu wake: ilipo yoongoka, ilipo yopendekeka ndi yokhota, ndipo muyenera kusankha imene pampu ya girisi ingafikepo bwino. Safunsa anadya phula. Funsani wogulitsayo, ndipo gulani ziwiri kapena zitatu kuti zina musunge.

Chachisanu, yambani kumanga ndi zala. Ikalowa mosavuta, malizani ndi sipanala yaing'ono, koma musalimbitse ngati mukumanga nati ya gudumu. Nipo ili ndi bowo m'kati, ndipo khosi lake silichedwa kuthyoka. Ngati bowolo linakhala lotseguka nthawi yaitali, nkwabwino kumasula bawuti yaikuluyo, kutsuka mabushi ndi kupaka girisi watsopano musanaike nipo, kuti musakankhire mchenga m'kati.

Chachisanu ndi chimodzi, pukutani mutu wa nipo, ikanipo pampu, ndipo popani pang'onopang'ono mpaka girisi woyera aonekere m'mphepete mwa mabushi. Pukutani wotsalira kunja chifukwa amakoka fumbi. Girisi akamakana kulowa, masulani nipo, muiviike m'palafini ndi kutobwanya kampira kake ndi kamsomali. Ikakanabe, ikani ina. Musagwiritse ntchito oilo wotha wa mu injini, pakuti sachedwa kutayika ndipo ali ndi litsiro kale.

Mwina nipo yagwa muli pa ulendo ndipo sitolo ili kutali. Musatsekepo ndi kamtengo, chifukwa kamamwa madzi ndi kuthyokera momwemo. Pezani kabawuti kakafupi ka mazinga ofanana, kosafika pa bawuti ya m'kati, mutsekere bowolo kufikira mutagula nipo.

Kodi girisi athiridwe kangati? Buku la njinga yanu limanena, koma ine ndimathira mwezi ndi mwezi nthawi ya dzinja, ndiponso tsiku lililonse ndikaoloka madzi akuya. Kumbukiraninso kuti thumba limodzi la chimanga ndi makilogalamu 50. Mukamanga matumba atatu ndi kukwezanso munthu, kulemera konseko kumatsamira pa mashoko ndi pa bawuti imodzi ija.

Kwa inu mafumu ndipempha chinthu chimodzi. Pampu ya girisi ndi yokwera mtengo kwa munthu mmodzi, koma kalabu ya alimi kapena anyamata a kabaza a m'mudzi umodzi angathe kusonkherana n'kugula imodzi. Pampu yomweyo idzathandizanso pa magudumu a ngolo amene ali ndi nipo, ndi pa chigayo. Isungidwe kwa munthu wodziwika, ndipo pa msonkhano wa mudzi kumbutsani eni njinga za nkhaniyi mvula isanayambe. Njinga imene idzanyamule mayi wapakati usiku ndi yomwe imanyamula matumba usana, ndipo siyenera kufera panjira.

Amene sanamvetse afunse mlangizi wa m'dera lake akabwera; amuonetsa pa njinga yake yomwe. Madzulo ano, musanalowetse njinga m'nyumba, weramani muyang'ane pansi pa foloko.